Mbalame zosamuka: kuno ku Dedza tingakazione kuti, nanga liti?

Madam_Bembeke:

Moni nonse. Ndine mphunzitsi pa pulayimale ina kuno ku Bembeke ndipo teremu ino ahedi andisenzetsa kalabu ya zachilengedwe, ana 34, ambiri a sitandade 5 ndi 6. Kunena chilungamo ine mbalame ndimadziwa khwangwala, njiwa, pumbwa ndi nkhuku basi kkkk. Ndiye tsiku lina usiku tulo tasowa ndikungoseweretsa foni ndinaona mavidiyo a azungu ali m'mapaki mwawo mbandakucha, majekete okhaokha, aliyense binoculars (magalasi oonera patali aja) pakhosi, ati akudikira mbalame zomwe zimafika nyengo ija amati spring. Ndinati aa, nanga ine osawatulutsako anawa Loweruka lina bwanji, m'malo momangowasesetsa pabwalo ndi kuwadzalitsa timitengo tomwe mbuzi zimadya sabata yomweyo.

Koma nde poyambira sindikupadziwa. Spring yawoyo kwathu kuno imagwa mwezi uti? Mbalame zosamukazo zimafika ndithu kumapiri kozizira kuno kapena ndi za kunyanja kokha? Ndalama ya basi yopita ku Liwonde kapena ku Chilwa tilibe, musanditchulire n'komwe. Binoculars ndili nayo imodzi yobwereka kwa alamu anga, diso limodzi ndi lachifunga. Odziwa thandizeni chonde, Malichi wayamba kale ndipo sukulu titsekera posachedwa.

Nkhwazi_Mtakataka:

Amadam mwafunsa pa nthawi yake koma chitani changu. Nkhaniyi kwa ife ndi yotembenuza. Spring ya azunguyo ndi Malichi, Epulo mpaka Meyi, ndiye iwo akamaima m'mapaki kulandira mbalame dziwani kuti mbalame zomwezo zachoka kwa ife. Iwo amalandira, ife timaperekeza. Kuno zimafika cha mu Okutobala ndi Novembala pothawa chisanu kwawoko poti tizilombo todya timasowa, nkukhala nafe dzinja lonse zikudya ngumbi zathu, kenako kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo zimanyamuka kukaswa kwawo. Paja amati mlendo ndi mame. Mukadikira mpaka Meyi mukaona mawaya okhaokha.

Ndati mawaya chifukwa poyambira penipeni ndi pomwepo, simukufunika basi. Yang'anani mawaya a ESCOM oyandikira dambo kapena munda madzulo cha m'ma 5, mupeza anamzeze atandanda ngati mikanda. Koma si namzeze aliyense ndi mlendo. Uja amamanga chisa chadothi pakhonde la sukulu, wa mizeremizere pamimba ndi mutu wofiirira, ameneyo ndi mnzathu wa konkuno. Mlendoyo msana ndi wakuda wonyezimira, pakhosi pofiira, kenako kamkanda kakuda pachifuwa ndipo mimba ndi yoyererako. Ameneyo kuno samanga chisa ngakhale chimodzi, amangodya ndi kugona m'mabango. Azungu amamutcha barn swallow. Kulemera kwake ndi magalamu ngati 20, osakwana masupuni awiri akuluakulu a shuga, koma amadutsa chipululu cha Sahara ndi mapiko omwewo, ndipo ena ochokera ku Britain amakafika mpaka ku South Africa, makilomita pafupifupi 10,000, nkubwereranso patatha miyezi ingapo. Ine ndikamawaona pawaya ndimachita manyazi ndi mmene ndimadandaulira ulendo wa ku Lilongwe.

Tsono ngati mungapeze ka lole kotsika mtengo, tsikani kuno kwathu. Mudzere pa Masasa, mutsike Khwekhwelere mpaka pa Golomoti, mukhote kulowera ku Mtakataka. Sikimu ya mpunga ya Bwanje ndi mahekitala 800 ndipo madzi ake amapatutsidwa mu mtsinje wa Namikokwe, nde m'mphepete mwa ngalande ndi m'zigawo zomwe madzi angoti tapatapa mumadzaza mbalame za miyendo yaitali. Akakowa ndi anantchengwa ndi apompo, amenewo sasamuka kupita kunja. Koma muonanso timbalame totuwa ta milomo yowonda tikuyenda m'matope, kena kamangogwedeza kumbuyo osapuma ngati kakumva ng'oma yakeyake, ameneyo ndi common sandpiper, ndipo mnzake wa madonthomadontho pamsana ndi wood sandpiper. Onsewo amaswera kumpoto kwa Ulaya ndi ku Russia. Mukachita mwayi pamawaya a m'mbali mwa M5 muthanso kuona timbalame tolusa tating'ono ngati njiwa, Amur falcon. Ameneyo ndiye katswiri, amachokera kum'mawa kwenikweni kwa Russia ndi kumpoto kwa China, kudzera ku India nkuoloka nyanja ya mchere ya Indian Ocean osatera mpaka ku Africa kuno. Fikani 6 koloko isanakwane, kuno dzuwa likangokwera mbalame zimabisala ndipo ana anu a kumapiriwo akomoka ndi kutentha.

Jahman_Lizulu:

Kkkkkk amadam mukufuna kuyambitsa mlandu inu. Ana a kwathu kuno mbalame saonera, amalasa. Mwana wa sitandade 5 aliyense m'thumba la kabudula muli legeni ndi miyala isanu, nde mukawalozera dambo lodzadza mbalame dziwani kuti Lamulungu lake abwererako opanda inu, ulimbo uli m'manja. Mwayesapo kuima pamsewu minibasi ikaima, timitengo tambalame zootcha tikulowa pawindo? Imeneyo ndiye birdwatching yathu aise, timaonera pambale.

Koma zoona zake pali chinthu chimodzi chimandivutabe mpaka pano. Tili ana msuweni wanga analasa namzeze kudambo kuseri kwa msika, mbali ya Mozambique, paja pa Lizulu ukangooloka msewu wa M1 walowa dziko lina. Titamutola tinapeza kamwendo kali ndi kamphete kachitsulo, manambala ndi zilembo zosamveka. Tinathamanga nako kunyumba tikuganiza kuti tatola chuma. Agogo atangokaona anakuwa kuti tawatengera tsoka, ati mbalame yovala mphete ndi yotumidwa ndi munthu, anatilanda nkukaponya m'chimbudzi ndi mbalame yomwe, ndiwo osadya, makofi tinalandira. Nanga kamphete kaja kanali kachani? Odziwa tatiuzeni ndife mfulu.

Malume_Njolomole:

Mphunzitsi, mwachita bwino kufunsa. Ine ndakalamba, foniyi amandilembera mdzukulu wanga koma mawu ndi anga.

Anyamatawa akutchula maina achizungu, si kulakwa, koma anawo muyambe mwawafunsa maina omwe akuwadziwa kwawo. Mudzadabwa. Makolo athu analibe magalasi oonera patali koma kalendala yawo inali mbalame. Mphamba uja wa mchira wa mphanda akayamba kuzungulira pamudzi cha mu Ogasiti amayi ankadziwa kuti anapiye atsekeredwe, chilimwe chalowa. Lumbe wa nthenga zazitali ngati nsalu m'mapiko akayamba kuuluka madzulo m'tchire ndiye kuti makasu asulidwe. Ndipo mvula ikagwa kunkabwera adokowe akuda a mimba yoyera, gulu lalikulu, kutera m'munda ndi m'dambo kumangoyenda chogogoda pansi. Amenewo sitinkawaponya mwala, bambo anga akadakumva wagenda dokowe unkagona ndi njala. Chifukwa chake nchakuti amadya dzombe ndi ntchemberezandonda. Chaka chomwe mbozi zagwa, ukaona adokowe atera m'munda mwako umadziwa kuti Mulungu wakutumizira aganyu osalipira.

Mdzukulu wangayu akuti dzina lake m'mabuku ndi Abdim's stork ndipo akuti sapita ku Ulaya, amangooloka kupita kumpoto kwa Africa yemweyu, maiko a ku Sudan, Ethiopia mpaka ku Senegal, nkukaswera kumeneko mvula yawo ikamayamba. Ndiye kuti mbalameyi chilimwe sichiidziwa, imangotsata mvula. Mnzake woyera wa mlomo ndi miyendo yofiira ndiye wa ku Ulaya. Ngakhale m'Baibulo pa Yeremiya 8:7 nkhani ya mbalame zodziwa nyengo yake ilipo, kutanthauza kuti anthu anaziona kalekale.

Chondidandaulitsa ine ndi madambo. Dambo lomwe ndinkadyetsa ng'ombe ndili mnyamata unkamira mpaka m'mawondo mwezi wa Juni, bango ndi mululu wokhawokha. Lero ndi madimba a kachewere, kabichi ndi tomato mpaka m'mphepete mwa madzi, ngalande zakumbidwa, kumtunda kwake bulugamu. Sindikunyoza, inenso dimba ndili nalo ndipo ndi lomwe laphunzitsa ana anga. Koma chibwerereni mbozi zachilendo zija mu 2017 aliyense ndi sipuleya kumsana, ndiye dokowe adye chiyani, atere pati? Ine m'maso mwangamu magulu aja achepa. Anawo mukawaonetse akadalipo.

Forester265:

@Jahman_Lizulu agogo anakutayitsani kalata kkkk. Kamphete kaja amaveka ndi akatswiri a mbalame. Amaigwira ndi ukonde wofewa, kuiyeza, kuiveka mphete ya nambala yakeyake ndi adiresi ya komwe yavekedwa nkuitaya. Wina akaipeza kwina nkunena nambalayo ndi pomwe amadziwa kuti yayenda mtunda wotani. Kumwera kwa Africa kuno zolembazo amasunga ndi a SAFRING ku Cape Town. Masiku ano mukapeza yotero ingojambulani nambala ndi foni nkuwapatsa a WESM, bungwe lija loona za nyama ndi chilengedwe lomwenso limayendetsa makalabu a m'sukulu, iwo adziwa kotumiza. Amadam kalabu yanuyo ngati sinalembetsedwe kumeneko ilembetseni.

Ndipo musawaseke agogo, azungu omwewo kale ankakhulupirira kuti anamzeze nthawi yachisanu amakagona m'matope pansi pa madzi. Chinawatsegula maso china ndi dokowe woyera yemwe anaphedwa mu 1822 pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, ali ndi mkondo wa ku Africa wobaya pakhosi. Mlenje wina kuno anaponya, mbalame inauluka nawo mkondowo mpaka kwawo. Mpaka lero anaisunga ku yunivesite ya Rostock, mkondo uli pakhosi pomwepo. Nkhani imeneyi ana amaikonda, ndayesapo. Adokowe oyerawo sakupiza mapiko ulendo wonse ngati namzeze, amakwera mpweya wotentha womwe umanyamuka pansi dzuwa likawomba, kuzungulira mpaka m'mwamba kenako nkutsetsereka. Panyanja mpweya wotero palibe, nchifukwa chake Mediterranean amailambalala, ena kudzera ku Gibraltar, ena ku Turkey ndi Israel nkutsika ndi Egypt.

Tsono za malo. Anthu ambiri akamva mbalame amathamangira phiri la Dedza kapena Chongoni. Nkwabwino, phirilo ndi mamita 2,198 ndipo m'tinkhalango tachilengedwe totsala pamwamba muli mbalame zokongola, ku Chongoni mungaonetsenso ana zojambula zakale za pamiyala zija bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Koma za m'nkhalangozo zambiri ndi zokhazikika, mudzazipeza ngakhale mu Julayi. Ndipo m'mapaini musataye nthawi, muli zii. Alendo ofuna kuperekezawa ali poyera: dambo, munda, mawaya, ndi kumwamba. Mukaima pamalo okwera m'mawa wopanda mitambo tcherani khutu, mumva kulira kofewa ngati pruu pruu kuchokera m'mwamba musanaone kanthu. Amenewo ndi afulagombe a ku Ulaya akudutsa m'magulu, pakhosi pachikasu, mimba yobiriwira mopita ku buluu, msana wofiirira. Ukawaona kamodzi pafupi suiwala.

Koma chachikulu chomwe ndalembera ndi ichi, ndipo ndikunena chifukwa zinandionekera. Musapite pamalo musanadzere kwa amfumu. Ine chaka china ndinapita ndekha kudambo lina kumbali ya Linthipe, binoculars pakhosi, kope m'manja ndikulemba. Pasanathe mphindi 30 ndinangoona azibambo asanu ndi makasu andizungulira, kumbuyo amayi ndi ana. Mphekesera inali itafika kale m'mudzi kuti kwabwera munthu woyeza malo, dambo lagulitsidwa. Wina anati ayi ameneyu ndi namapopa. Ndinatuluka thukuta kuli kozizira. Chinandipulumutsa nchakuti ndinapereka binoculars kwa mkulu wina kuti aone yekha, anayang'ana nantchengwa ali patsidya nkudzidzimuka kubwerera m'mbuyo poganiza kuti yamufika pamphuno, anthu onse kuseka, mlandu unathera pomwepo. Koma zikanatha kuipa.

Chinanso, mitengo yachilengedwe yambiri kwathu kuno yatsala kumanda, ndiye mbalame zimadzaza kumeneko ndipo mwana akaona yokongola amangoitsatira. Inu mukudziwa kuti kuno ndi kwa Achewa, kumanda ena ndi kudambwe. Auzeni anawo musananyamuke kuti mbalame ikalowa m'mitengo imeneyo yapita, ndipo binoculars isaloze kumeneko ngakhale muli patali.

Ngati foni yanu ili ndi malo ikani Merlin, pulogalamu yothandiza kuzindikira mbalame, ndi yaulere, mutsitsiretu mbalame za dera lino muli pa netiweki yabwino chifukwa imadya bandulo. Malawi ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650 nde musadzipanikize, tsiku loyamba mukadziwa khumi mwakhoza.

NaPhiri_wa_Tsangano:

Ine ndikutsutsana ndi a Nkhwazi pa za kutsika ku Bwanje, pepani achimwene. Ana 34 pa lole, Khwekhwelere, mvula isanathe? Amadam makolo akakumvani mudzayankha nokha. Ndipo kumeneko mwezi uno alimi ali kalikiliki ndi mpunga, posachedwa ayamba kuingitsa mpheta, munthu wagona m'munda kulondera mpunga wake nde mubwere inu ndi gulu la ana kudzasirira mbalame, akuonani bwanji. Osanenanso za likodzo, mwana akaona madzi amavula nsapato asanaganize.

Pitani dambo lomwe ana angafike wapansi. Ubwino wake mubwererako sabata ndi sabata nkuona kusintha, lero anamzeze 100, sabata yamawa 40, kenako zii. Kusamuka kumaoneka choncho, osati ulendo umodzi wa fanta ndi mabanzi. Ine ndimachita zimenezi ndi ana anga awiri kuseri kwa nyumba ndipo kope lathu lili m'chaka chachitatu.

Za binoculars imodziyo musade nkhawa, ingokhazikitsani lamulo kuti aliyense aone ndi maso kaye nkunena mtundu wake, kukula kwake poyerekeza ndi mpheta, njiwa kapena nkhuku, mlomo wake, ndi zomwe ikuchita. Wanena bwino ndi amene alandire galasi. Apo ayi azingolimbirana nkuyang'anirana m'mphuno. Ndipo a Jahman asakuopsezeni, mwana wa legeni ndi amene amadziwa mbalame kuposa onse, amadziwa pomwe imagona, chomwe imadya, kulira kwake. Mumuike patsogolo akhale mtsogoleri.

China, mudzamva za tsiku lokumbukira mbalame zosamuka padziko lonse, limachitika kawiri pachaka, Loweruka lachiwiri la Meyi ndi la Okutobala. La Meyilo kwa ife ndi phwando la mkwati atapita kale. Konzekerani la Okutobala, ndi pomwe alendo amayamba kufika.

Nkhwazi_Mtakataka:

Achemwali mwanena zoona za lole, ndagonja. Koma za Bwanje sindikubweza, amadam mudzabwere nokha ndi aphunzitsi anzanu pa holide, minibasi ilipo. Mukadzaona zokha mudzamvetsa chomwe ndikunena.

Madam_Bembeke:

Ndabwera kudzapereka lipoti poti munandithandiza. Tinapita Loweruka, dambo la kumunsi kwa sukulu, mphindi 25 wapansi. Lachinayi ndinadzera kwa amfumu monga munanenera a Forester, anaseka kaye kuti aphunzitsi a masiku ano mwasowa chophunzitsa, kenako anatipatsa mphwawo kuti atiperekeze. Pa ana 34 anabwera 27, ena anatumidwa kudimba.

Tinafika 6 koloko koma nkhungu ya ku Bembeke mukuidziwa, munthu osaona ngakhale phazi lake, tinangokhala pachulu kunjenjemera mpaka cha m'ma 8. Ndinayamba kudzifunsa kuti ndawavutitsiranji ana a eni. Kenako inangoti yekete kutseguka, ndipo pawaya wodutsa pamwamba pa dambo anamzeze ali ndandanda, akudzikonza nthenga. Pakhosi pofiira, kamkanda kakuda, ndendende mmene munafotokozera a Nkhwazi. Ndinakuwa ine mphunzitsi kuposa ana. Atsikana anawerenga 112, anyamata akuti 130, mkangano wake sunathe mpaka lero, m'kope talemba zonse ziwiri.

A NaPhiri munalosera. Pali mnyamata wina wa sitandade 6, m'kalasi samayankhula, mayeso amakhala kumapeto. Pachipata ndinasecha matumba nkupeza malegeni anayi, imodzi yake. Koma kudamboko ndi amene anatiphunzitsa tonse. Amangoti imani, mverani, uyo ndi nkhwali, uyo ndi timba, apo pali chisa cha atchete. Anatilozera adokowe akuda asanu ndi mmodzi kutsidya m'munda wa chimanga ine ndisanaone kanthu, mphwawo wa amfumu nkuvomereza kuti ndi omwe aja a ntchemberezandonda. Woyera wa mlomo wofiira sitinamuone. Pruu pruu uja tinamumva kamodzi m'mwamba koma mitambo inatseka, nde m'kope talemba kuti tamva, sitinaone. Mtsikana mmodzi anaterereka nkukhala pansi m'matope yunifolomu yonse, mayi ake ndakawapepesa ndi sopo.

Funso lomwe landisowetsa mtendere ndi la kamtsikana ka sitandade 5, kakuti madam nanga njira amaidziwa bwanji poti kumwamba kulibe msewu. Ndinangoti tidzakambirana Lolemba. Lolemba ndi mawa, thandizeni.

Forester265:

Kauzeni kuti masana zimayendera dzuwa, zouluka usiku zimayendera nyenyezi, ndipo m'thupi mwake zili ndi kena kake kozindikira mphamvu ya maginito ya dziko ngati kampasi. Zomwe zayendapo kale zimakumbukiranso mitsinje, mapiri ndi magombe, ndipo adokowe aang'ono amatsata gulu la akuluakulu. Mukapeza kampasi ku ofesi ya ahedi kapena pa foni yomweyo muwaonetse kumpoto ndi kuti, aloze okha komwe anamzeze awo akulowera. Ndipo Loweruka likubwerali muwerengenso pawaya womwewo, nthawi yomweyo, mpaka tsiku lomwe mudzapeze palibe. Tsikulo mulilembe.

Jahman_Lizulu:

Nanga malegeni anayi aja ali kuti amadam?

Madam_Bembeke:

Atatu ali mu kabati. Inayo mwini wake, mtsogoleri wathu uja, anabwera madzulo omwewo kunyumba ndi nkhope yachisoni, ati bambo ake amutuma kukaingitsa anyani kumunda. Ndamubwezera. Kaya.